Kukadyera Khisimisi kunja kozizira mukuchokera ku Blantyre kuno: muyambire apa

Chaka chino anthu atatu andifunsa kale funso limodzimodzi, wina ku tchalitchi, wina mu minibasi ya ku Chilomoni, winanso pa WhatsApp usiku ndithu, akuti abale awo awaitana kuti akadyere nawo Khisimisi ku UK ndiye sakudziwa kuti ayambire pati. Ine ndapitako kawiri kwa achemwali anga ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, ulendo woyamba ndinavutika kwambiri, wachiwiri zinayenda bwino poti ndinali nditaphunzira, ndiye ndati ndingolemba zonse mmene zimayendera kuyambira pano mpaka tsiku lobwerera. Ndikamba za ku UK chifukwa ndi kumene ndapondako, koma zambiri zikhudzanso inu amene mukupita ku Ireland kaya ku Germany, a ku Canada okha kuzizirako muwonjezere kangapo.

Ndineneretu chinthu chimodzi chimene anthu obwerako samakonda kunena. Tonse timaopa kuzizira, koma kuzizira kumatheka ndi kaunjika wa ku Limbe. Chimene chimamugwetsa munthu mphwayi kumene kuja ndi mdima komanso zii wa tsiku la Khisimisi lenilenilo, ndipo zimenezi nazo zimafuna kuzikonzekera ngati mmene mukonzekerera jekete. Tifikako.

Choyamba, mapepala, ndipo muyambe mu Seputembala

Tulutsani pasipoti lero muone tsiku lothera. Ngati yatsala ndi miyezi yosakwana 6 kuchokera tsiku lomwe mudzabwerere, thamangani ku Immigration mukayambe zokonzetsa ina, ndipo muyende nokha, madobadoba asiyeni. Viza ya mlendo ya ku UK mumafunsira pa intaneti pa gov.uk, amalola kufunsira kutatsala miyezi 3 kuti munyamuke, yankho nthawi zambiri limatenga masabata 3, koma kumapeto a chaka ofunsira amachuluka ndiye musadikire Novembala. Mukamaliza fomu mumasankha tsiku lokadinda zala ndi kujambulitsa ku Lilongwe, kutanthauza kuti muwerengerenso ya kochi yopita ndi kubwera. Mtengo wa vizayo umapitirira mapaundi 100 ndipo akakukanizani sabweza.

Chimene amafuna kuona kwenikweni ndi choti mudzabwerera. Ndiye muike kalata ya abale okuitananiwo yonena kuti mukagona pati ndipo akulipirirani chani, kalata ya kuntchito yosonyeza kuti muli pa tchuthi ndipo mudzayambiranso tsiku lakuti, kapena mapepala a bizinesi yanu, ndi sitetimenti ya ku banki ya miyezi ingapo. Apa pali msampha womwe ambiri amagweramo, kubwereka ndalama yambiri kwa achimwene nkuiponya mu akaunti sabata imodzi musanafunsire kuti muoneke olemera. Amaona. Akaunti yomwe imalowa ndalama pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi imakhulupirika kuposa ija yangotupa mwadzidzidzi, ndipo ngati akulipirira ndi abale anuwo ingonenani choncho, si mlandu. Kuyezetsa TB kumafunika kwa okakhala kupitirira miyezi 6, inu a Khisimisi sikukukhudzani. Tikiti musagule viza isanatuluke.

Chachiwiri, tikiti ndi ndalama

Kuchokera ku Chileka njira zodziwika ndi ziwiri, kudzera ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa. Johannesburg kukafika London ndi maola pafupifupi 11, Addis Ababa kukafika London pafupifupi 8. Yerekezaninso mtengo wonyamukira ku Lilongwe, nthawi zina umasiyana. Masiku oyandikira pa 25 Disembala matikiti amakhala odula, mukanyamuka kumayambiriro a Disembala zimapepukirako komanso thupi limapeza nthawi yozolowera.

Kwacha kumene kuja palibe angakusinthireni, Mpamba ndi Airtel Money simungagulire buledi mu shopu, ndiye pitani ku banki kwanu msanga ndi tikiti ndi viza mukafunse za forex komanso ngati khadi lanu lingagwire kunja, mukudziwa nokha mmene forex ikuvutira kuno, si za tsiku limodzi. Kumeneko ambiri amangogunditsa khadi pa kamakina basi ngakhale mu basi. Ku Scotland mukalandira chenji cha mapepala ooneka mosiyana ndi a ku England musadabwe, mabanki a kumeneko amasindikiza awo koma ndi mapaundi omwewo. Inshuwalansi ya paulendo gulani, musaione ngati kutaya ndalama, chifukwa mlendo akagonekedwa mchipatala bilu yake ingathe kudya poloti.

Chachitatu, zovala, apa mumvetsere bwino

Ife a ku Blantyre timadziyesa odziwa kuzizira chifukwa cha chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, ija imatsika ku Soche ndi ku Ndirande mmawa nkhungu ili tolo. Koma chiperoni chathu chija masana dzuwa likatuluka umavula juzi. Ku Glasgow mu Disembala masana enieni kumafika madigiri 6 kapena 7 basi, usiku 1 kapena 2, masiku ena kutsika pansi pa ziro, kuphatikiza mphepo ndi kamvula kowaza kosatha, ndipo inu mukuchokera kuno kumene mwezi womwewo tikutuluka thukuta pa 28.

Nzeru yake si chijekete chimodzi chachikulu ayi, ndi kuvala mophatikiza. Mkati mwenimweni kachovala kothina kogwira thupi, ka manja aatali, ndi kena ka mmiyendo kovala mkati mwa thalauzi, amati ma thermal. Pamwamba pake juzi ya ubweya kapena ya fleece. Kunja kwenikweni jekete yotchinga mphepo ndi madzi, yokhala ndi chipewa chake, yofika mmunsi mwa matako. Chifukwa chake nchakuti mmashopu, mu sitima ndi mnyumba mumatentha, ndiye umafunika kuvula chimodzi ukalowa nkuvalanso potuluka, ukakhala ndi chimodzi chokha umachita thukuta mkati kenako thukuta lija limakuzizirira pathupi ukatuluka panja, pamenepo ndi pamene chimfine chimakupezera.

Zonsezi zilipo ku kaunjika. Pitani ku msika wa Limbe kapena wa mtauni, yendaninso mmashopu a DAPP, ndipo nthawi yabwino ndi ino yotentha chifukwa palibe akulimbirana majekete, ogulitsa amangofuna achoke, mumanenerera bwinobwino. Mukaipeza jekete yang'anani zipi kaye, ikokeni kukwera ndi kutsika katatu, zipi yakufa kumene kuja ndi chimodzimodzi kusavala. Werengani kapepala ka mkati, pakalembedwa wool kapena down tengani. Yesani mutavala juzi mkati osati pa T-shirt yokha. Ine yanga ndinaipeza pansi penipeni pa mulu, yabuluu, mthumba munali kakhadi ka basi ka dziko lina, ndinangoti iyi ikudziwa kale kumene tikupita, ndipo yandisunga maulendo onse awiri.

Tinthu ting'onoting'ono nditomwe anthu amaiwala: chipewa chophimba makutu, sikafu, magolovesi, masokosi okhuthala mapeyala osachepera 4. Makutu ndi zala ndi zomwe zimayamba kuwawa, kuwawa kwenikweni ngati wina akukutsina. Nsapato zikhale zosalowa madzi, zokhala ndi mano kunsi kwake, zokulirapo pang'ono kuti sokosi ikwane, ma sneaker a nsalu aja phazi limanyowa mphindi 10 zokha. Amayi amene simuvala thalauzi, siketi yaitali ndi ma tights okhuthala mkati zimatheka, ndipo chitenje musasiye, chimagwira ntchito ya sikafu, ya kabulangete mu ndege, zonse. Ngati ma thermal simunawapeze kuno musade nkhawa, auzeni abale akugulireni ku shopu ya zovala ya Primark, si odula.

Chachinayi, kulongedza

Matikiti ambiri a njira zimenezi amalola masutikesi awiri a 23kg, koma onani pa tikiti yanu. Imodzi ndithu idzadzaza ndi za abale, chifukwa mukangonena kuti mukubwera mauthenga ayamba, wina ufa woyera, wina Nali, wina tiyi wa Chombe. Lamulo lake ndi ili, nyama ya mtundu uliwonse ndi za mkaka saloleza kulowa nazo kuchokera kuno, kaya youma kaya yophika, akazipeza amalanda. Nsomba zouma kapena zowamba amalola mpaka 20kg munthu mmodzi, ndiye usipa, utaka, mcheni zitengeni, kungoti mukulunge mmapepala apulasitiki katatu nkuika mchigoba chotseka bwino, apo ayi jekete yanu yonse inunkha usipa mpaka Januwale. Uchi amalola mpaka 2kg. Mpunga wa Kilombero ulibe vuto, ndipo mango ali mgulu la zipatso zochepa zomwe amalola popanda chikalata, ndiye poti ndi nyengo yake tengani angapo osapsetsa, mukaona mmene munthu amene watha zaka 5 kunja amalandirira bango la kwawo. Masamba aawisi ndi mbewu zodzala zisiyeni. Ngati mukukayika ndi chinthu, pa eyapoti dzerani khomo lofiira, la anthu amene ali ndi katundu woti aonetse, mukafunse, safunsa anadya phula.

Tengani mphatso, kumene kuja Khisimisi aliyense amatsegula kake pamaso pa anzake, ndipo zimamvetsa chisoni kukhala chimanjamanja. Sizifuna zodula, chitenje, khofi wa Mzuzu, kachiboliboli kakang'ono. Chaja ya foni tengani yomweyo, masoketi a ku UK ndi a mabowo atatu ngati athu omwewa.

Tsopano ichi ndichigogomeze. Jekete, chipewa, magolovesi, sikafu ndi mankhwala amene mumamwa zikhale mchikwama cha mmanja, osati mu sutikesi. Ulendo wanga woyamba ndinaika zonse mu sutikesi poti ku Chileka kunali kotentha zedi, ndiye sutikesi inatsalira panjira, inabwera patatha masiku awiri. Ndinatuluka pa khomo la eyapoti ndili ndi shati ndi kajuzi kopyapyala, chitseko chitangotseguka mphepo inandimenya pachifuwa mpaka mpweya unabanika, pakamwa pakutuluka utsi, mano akugundana osatha kuyankhula, achemwali anachita kuvula chikhoti chawo nkundifunditsa, iwo nkumanjenjemera mpaka pa galimoto. Musadzapangitse mbale wanu zimenezo. Mchikwama chomwecho muikenso kalata yokuitanani, adiresi ndi nambala ya abale zolembedwa papepala, ndi tikiti yobwerera, chifukwa polowa amafunsa ndipo foni ikhoza kuthima.

Chachisanu, masiku oyamba

Nthawi ya kumeneko mu Disembala ili mmbuyo ndi maola 2, si zambiri, thupi silivutika. Khungu ndi lomwe limavutika. Mphepo ya panja ndi hita ya mnyumba zimaumitsa, umatuwa mbuu, milomo kusweka, mphuno kuuma mpaka ena kamfuno. Vaseline ndi glycerine zathu zomwezi ndi mankhwala ake, dzolani mukangosamba thupi lisanaumitse, kabotolo kena kakang'ono kazikhala mthumba. Madzi muzimwa ngakhale ludzu simukulimva.

Mnyumba muzikumbukira kuti kutenthako eni ake akulipira, ndipo ndi ndalama yambiri. Musamatsegule hita usana wonse kapena kusiya zenera pululu, valani juzi ndi masokosi, funsani kuti amayatsa nthawi yanji. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndipo chonde chonde, maganizo oyatsa makala mnyumba ngati mmene timachitira ndi mbaula mu Julayi asakubwerereni, nyumba zawo nzotsekeka paliponse, mpweya wa makala umapha anthu ali mtulo.

Mmawa kukazizira pansi pa ziro, msewu umaoneka ngati wangonyowa koma ndi madzi oundana, oterera kuposa matope a ku Ndirande mvula itagwa. Yendani timasitepe tating'ono, phazi lonse pansi, manja kunja kwa thumba. Agogo agwireni mkono. Amene mumamwa, mowa umanamiza kuti watenthedwa pomwe thupi likutaya kutentha, ndiye zoyenda wapansi usiku mutaledzera ayi. Za snow, amene mabuku amati chipale chofewa, musalonjeze ana kuti mukajambula pa Khisimisi, mmizinda ya ku UK zaka zambiri tsikulo kumangokhala mvula ndi mitambo, amagwa kwambiri kumapiri a kumpoto kapena mu Januwale ndi Febuluwale.

Mukadwala mwadzidzidzi nambala ndi 999, zosafulumira kwambiri 111. Ndipo mukamva kutentha thupi, mutu, kuphwanya mthupi, musangoti ndi chimfine cha kuzizira, mwachoka ku Malawi nthawi ya mvula, malungo akhoza kutulukira muli konko. Muuzeni dokotala poyambirira penipeni kuti ndachokera ku Malawi masiku akuti, mundiyeze malungo, chifukwa iwo sakumana nawo kawirikawiri ndiye sangawaganizire msanga.

Chachisanu ndi chimodzi, mdima uja

Kuno mu Disembala 5 koloko mmawa kwayera kale, anthu ali kumunda akuthira feteleza, dzuwa kulowa cha mma 6. Ku Glasgow cha pa 21 Disembala limatuluka cha mma 8:45 nkulowa 4 koloko isanakwane, maola 7 okha, ndipo kutulukako sikuti limafika pamutu ayi, limangoyenda mmunsi chammbali ngati la mmawa, masiku ambiri osaoneka nkomwe. Abale anu adzuka kuli mdima kupita kuntchito, abwera kuli mdima, ena mashifiti ausiku, inu mwatsala nokha mnyumba ya eni, panja palibe wokupatsani moni, palibe mwana akusewera, palibe wogulitsa tomato akukuwa. Sabata yoyamba ija ine ndinkangogona, kudzuka kudya kugonanso, mtima uli kwathu, nkumadzifunsa kuti ndalipira ndalama zonsezi kudzatani.

Mankhwala ake ndi kutuluka tsiku lililonse pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, kaya kukugwa kamvula, valani mutuluke ngakhale mphindi 30. Tsiku loyamba lomwe apempheni abale akuphunzitseni basi ya kwanuko, nambala yake, pokwerera ndi potsikira, kuti musamadikire kuperekezedwa. Lembani papepala malo amodzi a tsiku lililonse. Ku Glasgow nyumba yosungira zakale ya Kelvingrove kulowa ndi ulere ndipo mkati ndi mofunda, mutha kuthamo tsiku. Misika ya Khisimisi ya madzulo ndi magetsi ake pamenepo ndiye mdima umakhala ndi ntchito, nzokongola zedi.

Ndipo inu a ku Blantyre musabwereko musanafike ku Blantyre winayo. Ndi mphindi 20 zokha pa sitima kuchokera ku Glasgow Central, katauni kakang'ono mmbali mwa mtsinje wa Clyde kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, kumene amishoni a mu 1876 anatenga dzina la mzinda wathu uno. Nyumba imene anabadwiramo ilipo, banja lonse mchipinda chimodzi, ndipo iye anayamba ntchito mfakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Onani kaye pa intaneti masiku otsegula chifukwa nyengo yozizira amasintha. Ine nditaima pa siteshoni nkuona chikwangwani cholembedwa Blantyre, manja ali mmagolovesi, ndinajambula nkutumizira amayi, anayankha kuti ndiye wafika kale ku Wenela bwanji osatiuza.

Chachisanu ndi chiwiri, pa 24, 25 ndi 26

Gulani zonse pofika pa 23, pa 24 mashopu amatseka msanga. Pa 25 mashopu akuluakulu onse ndi otseka, sitima siziyenda, mabasi ambiri sayenda, taxi ikapezeka ndi yodula, ndiye ngati mukufuna kukadyera kwa mbale wina mukagone konko pa 24 kapena mupangane ndi wa galimoto. Za tchalitchi funsiranitu, a CCAP mukapeza kwanu ku Church of Scotland, amakhala ndi mapemphero a usiku wa pa 24 ofika pakati pa usiku, maimbidwe ambiri ndi omwe aja tinakulira, mutha kumaimba mChichewa chapansipansi iwo akuimba mChingerezi. Akatolika Misa ya usiku iliponso.

Tsikulo lenilenilo musayembekezere zathu zija, ana atavala zatsopano akuyenda mmisewu ndi Fanta mmanja, mawailesi akulira nyumba iliyonse, fungo la mpunga ndi nkhuku kuchokera kwa aneba, alendo ongotulukira osaitanidwa. Kumene kuja Khisimisi ndi ya mnyumba, chitseko chotseka, banja lokhalokha. Ulendo woyamba ndinaima pazenera cha mma 4 koloko, kunja kuli bii, msewu wonse uli zii opanda ngakhale galu, achemwali ali kuntchito poti odwala sadziwa Khisimisi, ndinaimba video kunyumba ndikumva phokoso la ana ndi mbale zikugundana, mvula ikugunda pamalata, nditadula foni misozi inatsika yokha.

Ulendo wachiwiri tinakonza mosiyana ndipo inunso mupange chonchi. Kutatsala milungu iwiri funsani abale kuti shifiti yawo ili bwanji pa 25, ngati akugwira sankhani tsiku lina likhale Khisimisi yanu, palibe cholakwika. Funsani a Malawi ena amene ali pafupi, makamaka ana a sukulu amene alibe kopita, muwaitane, aliyense abwere ndi kake. Ife tinakwana 9 mkanyumba kakang'ono, nsapato zili mbwee pakhomo, majekete ataunjikidwa pabedi ngati belo la kaunjika, ine ndili pa mthiko, usipa wa tomato, nkhuku, mpunga wa Kilombero fungo lake mpaka pa masitepe, mnyamata wina wa ku Bangwe amene anali asanadye nsima ya ufa woyera chaka chathunthu anadya osayankhula mpaka kumaliza. Kuimba kunyumba panganani nthawi, 10 koloko mmawa kumeneko ndi 12 koloko kuno, anthu atangoweruka ku tchalitchi, ndipo muwatumizire ya bandulo dzulo lake.

Mukaitanidwa kwa azungu pitani, fikani pa nthawi imene anena, nyamulani kenakake mmanja. Mukadya nkhukundembo, mbatata ya kachewere yootcha, timakabichi ting'onoting'ono towawira, ndi tizitumbuwa totsekemera totchedwa mince pies tomwe mulibe nyama ngakhale dzina likutero. 3 koloko masana Mfumu Charles amayankhula pa TV, mabanja ena amaonera. Pa 26 mashopu amatsitsa mitengo, ndi tsiku labwino logulira ana nsapato za sukulu ngati mwasungako kangachepe. Mukakhala ku Scotland mpaka chaka chatsopano, chikondwerero chawo chachikulu ndi cha usiku wa pa 31 chomwe amati Hogmanay, pamenepo ndiye anthu amatuluka panja, ndipo pa 1 ndi pa 2 Januwale ndi tchuthi.

Pobwerera

Bwererani tsiku limene munalemba pa fomu. Viza ikhoza kulembedwa miyezi 6 koma ngati munati masabata 4 nkukhala miyezi 5, ulendo wina adzakufunsani, ndipo mukhoza kuwatsekera khomo abale ena amene achemwali anu adzafune kuwaitana. Ganyu musagwire, viza ya mlendo siyilola ngakhale ya tsiku limodzi. Mlendo ndi mame.

Yezani masutikesi kunyumba musananyamuke chifukwa katundu wa anthu otumiza kwawo amachuluka kuposa amene munabwera naye, ndipo musanyamule phukusi la munthu musanalitsegule nokha. Mkati muvale shati yopepuka, juzi ndi jekete muzivula panjira, chifukwa chitseko cha ndege chikatseguka ku Chileka mu Januwale mpweya wotentha wa fungo la dothi lonyowa umakulandirani pa masitepe pomwepo. Jekete ija mukafika ichapeni, iume bwino, muisunge mchikwama chotseka kuti isachite nkhungu ndi mvulayi. Yanga yabuluu ija panopa ili kwa mayi wina wa ku tchalitchi kwathu amene akunyamuka pa 9 Disembala kukaona chidzukulu ku Leeds, magolovesi ndawaikira mthumba lakumanja.